Chubu Chotsala cha Nangabwanji

Ine ndi amene ndinaphunzitsa madokotala a m'tauni muno za matenda a amayi. Ankabwera kwathu atavala makoti awo oyera, n'kukhala pakhonde mondondozana ngati ana a sukulu, wina atandigwirira choko, wina akundikupiza ndi katoni kuti nzeru zisatenthe. Tsiku limene ndinawauza kuti ndatopa, azikadziwerengera okha, wamkulu wawo analira mpaka magalasi anachita nkhungu.

Limenelo ndi bodza, ndipo ndalivomera msanga mlongo wanga asanaliwerenge. Chipatala chokha chimene ndinayendetsapo ndi cha nkhuku zanga, ndipo odwala onse anathera mumphika. Zochepa zimene ndikudziwa ndinazitola nditakhala pachitini cha penti chozondotsa, pansi pa masitepe a sitolo ina ya nsalu, pamene pamagwira ntchito mwana wa mlongo wangayo, amene tonse timamutcha Nangabwanji.

Dzinali ndinamupatsa ndine, ndipo apa sindikunama. Ana ena amayamba ndi kuitana amayi awo. Uyu anatuluka m'mimba akuyang'ana mzamba mokayikira, ndipo akanakhala ndi mano akanafunsa ngati lumo analiwiritsa kaye. Ukamuuza kuti moto umaotcha, ankati, "Nanga bwanji mphika sulira?" Ukamuuza kuti akagone, "Nanga bwanji inuyo muli maso?" Wailesi yanga anaimasula yonse kuti aone pamene pamakhala anthu olankhula aja. Atapeza kuti mulibe munthu, sanadandaule. Anangobwera ndi mawaya m'manja kudzandifunsa chifukwa chimene ndinamuuzira kuti muli tianthu tovala mataye. Akuluakulu amati safunsa anadya phula. Mwana uyu phula sanalilawe n'komwe, koma ife mitu anatiwawitsa.

Lero ndi mayi wamkulu, ndipo ntchito yake ndi kukonza mazipi, zikwama, maambulera ndi timatayala ta masutikesi. Malo ake munthu wamtali amalowa chowerama. Muli tebulo, kampando kopanda chotsamira, makina osokera opalasa ndi phazi, mabotolo akale a jamu odzaza timitu ta mazipi, kapulayala kamene sabwereka ngakhale amayi ake omubala, ndi kachidutswa ka kandulo kopaka mano a zipi ikauma. Anthu akamakwera masitepe, fumbi limamugwera m'tiyi. Iye amati ndiye shuga wake.

Lamulo lake ndi limodzi: sakonza chinthu asanadziwe chimene chinachiwononga.

"Zipi iyi yangothyoka yokha," amatero mwini sutikesi.

"Yokha? Munaikamo chiyani?"

"Zovala basi."

"Nanga potseka, munaikhalira?"

"Pang'ono."

"Nokha?"

"Ndi alamu anga."

Ndinaonapo bambo wina wamkulu, wa jekete ndi taye, akuulula motsitsa mawu kuti ambulera yake anamenyera galu wa neba. Ndikukuuzani, apolisi akanakhala ndi nzeru akanamamulemba ganyu Nangabwanji.

Anakwatiwa ndi mnyamata wopenta nyumba, amene ndinamutcha a Bulashi. Munthu wofatsa, wosamwa, wa mawu owerengeka. Ukafuna kudziwa nyumba imene wapenta sabata imeneyo, umangomusuzumira m'makutu. Anagwirizana bwino: wina amafunsa, wina amaganiza kaye mpaka wofunsayo atadziyankha yekha.

Koma zaka zinayamba kupita, mwana osaoneka. Azakhali a mwamuna akabwera kudzacheza, maso ankayamba apereka moni kumimba, kenako kunkhope. Aliyense anali ndi chifukwa chake. Wina anati ndi makina opalasa aja. Wina anati mkazi sangakhale tsiku lonse anthu akumuyenda pamutu, n'kuyembekezera kuti zinthu ziyenda bwino. Ine ndinati mwanayo alipo, kungoti akuopa mafunso, akuloweza kaye mayankho. Nangabwanji anaseka, koma kuseka kwa mano okha. Nthabwala imeneyo sindinaibwerezenso.

Chimene chimandidabwitsa mpaka lero ndi ichi. Munthu amene ankafunsa zipi, ambulera, wailesi ndi abusa omwe, thupi lake lokha sankalifunsa. M'chinena mukamapweteka mwapansipansi, ankati ndi kampando kaja. Timagazi tikaoneka pakati pa mwezi nthawi isanakwane, ankati ndi kutopa. Nthawi ina pokodza pankaotcha. Anamwa madzi ambiri, zinazizira zokha, iye n'kuiwala. Masiku ambiri sankamva chilichonse. Mudabwa kuti malume zimenezi anazidziwa bwanji, poti mwana wamkazi sauza malume ake zoterezi. Dikirani, tifikako.

Kenako mimba inabwera. A Bulashi sanayankhule zambiri, monga mwa masiku onse. Anangotenga kachipinda kamene ankasungiramo zitini, n'kukapenta chikasu chowala moti tambala wa neba ankalira akakaona. Mlongo wanga anayamba kuyenda ngati wakwezedwa pantchito.

Mimbayo isanayambe n'kuoneka komwe, m'mawa wina Nangabwanji ali patebulo lake, anamva kulasa mbali imodzi ya m'munsi mwa mimba, ngati wina wamubaya ndi nthiti ya ambulera. Mayi wogulitsa nsalu anamupeza ali pansi, thukuta lozizira lili kamukamu, milomo itayera. Mayi ameneyo Mulungu amudalitse. Sanafunse aliyense, sanatseke n'sitolo yomwe. Anaimitsa galimoto n'kuthamanga naye kuchipatala. Madokotala anamuchita opaleshoni tsiku lomwelo. Mimba sinakhale m'chiberekero. Inakhala m'kachubu kamene dzira limadutsamo, ndipo itakula pang'ono kachubuko kanaphulika, magazi n'kumatayikira m'kati. Chubu chimenecho anachichotsa. Akanachedwa, bwenzi nkhani ino ndikuilemba mosaseka.

Amayi ake, amene ankamudikirira, akuti mankhwala ogonetsa atangotha mphamvu, mawu ake oyamba sanali opempha madzi.

"Adokotala, nanga bwanji mwana anakhala panjira?"

Dokotala wake anali mayi wodekha, ndipo ndikuganiza kuti anazindikira kuti wodwala uyu sangamuthawe. Anakoka mpando. Anamuuza kuti kachubu kaja ndi kopyapyala kwambiri, ndipo m'kati mwa kake munali zipsera. Njira inachepa, dzira linakodwa lisanafike kwawo.

"Zipsera? Anandicheka ndani m'katimo?"

Anamuyeza, ndipo anapeza kachilombo kotchedwa klamidiya. Ife a kale tinkadziwa chinzonono ndi chindoko, matenda amene mayina awo okha ankatichititsa kuyenda mowongoka. Aka ndi kam'bale kawo, kamapatsirana pogonana, koma ndi kaulemu koopsa: kamalowa osagogoda, n'kukhala phee. Amayi ambiri amene ali nako samva kanthu, amuna ambirinso chimodzimodzi. Kakapanda kupatsidwa mankhwala, kwa ena kamakwera kuchoka pakhomo la chiberekero mpaka m'machubu, n'kutupitsa m'katimo. Potupa pakapola pamatsala chipsera. Ena machubu amatsekeka, osaberekanso. Ena mimba imakhala panjira ngati mmene zinachitikira kwa iye. Ena m'chinena mumangowawa chaka ndi chaka. Ndipo mayi akabereka ali nako, khanda likhoza kudwala maso kapena chibayo.

"Nanga mankhwala ake?"

"Alipo, mapiritsi wamba. Kachilombo amapha. Koma chipsera sachotsa."

"Nanga ndinakatenga liti? Kwa ndani?"

Dokotala anati zoyeza sizitchula tsiku, sizitchulanso dzina. Kakhoza kukhala m'thupi nthawi yaitali munthu osadziwa. Nangabwanji ankadziwa kuti asanakwatirane, iye anali ndi wake amene ankamuperekeza, a Bulashi nawonso sanagwe kumwamba ali ndi bulashi m'manja. Pa moyo wake wonse, ndi funso lokhalo limene analisiya kuti lidziyendera.

Chubu china chinatsala. Dokotala anati sichikuoneka kuti chinawonongeka kwambiri. Mwayi wa mwana ulipo, ngakhale iye sangalumbire. Koma anawonjeza mawu amene nkhani yonseyi yaimapo. Mwamuna ayenera kulandira mankhwala nayenso, kaya akumva kanthu kaya sakumva, ndipo asakhalire limodzi ngati banja mpaka onse awiri atamaliza. Kupanda kutero, kachilombo kadzabwerera komwe kanachoka, ndipo kubwera kulikonse kumawonjeza zipsera.

Nangabwanji anamwa mankhwala ake onse. A Bulashi anamusamalira ngati dzira: kuchapa, kuphika, kumutengera madzi kubafa, kumuveka masilipasi. Koma ukatchula zopita kuchipatala, ankasanduka khoma.

"Ine sindikudwala," ankatero. "Ndimakwera makwerero tsiku lonse. Wodwala amakwera makwerero?"

Bala litapola, Nangabwanji analongedza zovala m'sutikesi n'kupita kwa amayi ake. Panalibe kukuwa, panalibe kuswa mbale. Anangoti, "Bambo, ndatsala ndi chubu chimodzi. Sinditchova nacho juga. Mukamwa mankhwala mudzandipeza."

Atabwerera pansi pa masitepe, tinaona kuti manyazi anawasiya kuchipatala pamodzi ndi chubu chija. Mayi aliyense wobwera ndi chikwama ankachoka ndi zipi yatsopano ndi phunziro laulere. Ine ndinkakhala pachitini changa, n'kudzisandutsa gonthi, maso ali panyuzipepala yozondoka. Umu ndi mmene ndinakhalira dokotala.

"Achemwali," ankatero akupana kamutu ka zipi, "mukaona zotuluka kumaliseche zasintha mtundu kapena fungo, kapena timagazi mukangotha kukhala ndi bambo, kapena kukuwawani pochita zomwezo, musamanamizire mpando ngati ine. Kayezetseni."

"Ine sindimva chilichonse, amayi."

"Inenso masiku ambiri sindinkamva. Mukafuna kukwatiwa, kapena mwapeza watsopano, kapena muli ndi pakati, kafunseni. Kufunsa sikuluma."

Ena ankathawa osadikira n'chenji chomwe. Ena ankabweranso sabata yotsatira opanda chikwama chilichonse, n'kumanong'onezana naye. Koma madzulo akamatseka, ndinkamuona akuima pang'ono pamphambano, pamene njira ya kwa mwamuna wake imasiyana ndi ya kwa amayi ake.

Tsiku lina mlongo wanga anandipeza ndikuothera dzuwa.

"Achimwene, pakamwa panupo pakhala pakudya zaulere zaka zonsezi. Lero pagwireko ntchito. Pitani mukalankhule ndi mkamwini."

"Ine? Nkhani za kuchipinda?"

"Inu amene munauza abusa kuti munameza njoka ili moyo, lero mukuchita manyazi?"

Ndinawapeza a Bulashi akupenta khoma la nyumba ina yaitali, ali pamwamba penipeni pa makwerero. Ndinaona kuti mwayi ndi womwewu. Munthu amene ali pamakwerero sathawa, makamaka amene wagwira makwererowo akakhala malume a mkazi wake.

Tsono apa ndi pamene ndinaganiza mozama, ndipo ine ndikaganiza mozama zinthu zimawonongeka. Ndinati mumtima, choonadi cha matenda awa ndi chowonda. Ungamuopseze bwanji mwamuna ndi matenda osapweteka? Ali ngati galu wosauwa. Ndinaona kuti ndi bwino ndiwanenepetseko pang'ono.

"Akamwini," ndinayamba, "matenda amene akunena aja, ine ndimawadziwa. Ndinaona ndi maso angawa."

Bulashi inaima. "Munawaona, malume?"

"Kwa mnzanga wina, woyendetsa basi. Chimunthu ngati kabati. Nayenso ankati sakudwala. Zinayamba ndi nsidze. Zinathothoka zonse, kuyambira kumanzere."

"Nsidze?"

"Anatsala ngati dzira lowiritsa. Kenako mkodzo. Unkatuluka wobiriwira, ndipo akakodzera paudzu, udzu unkapsa, nyerere n'kusamuka ndi katundu pamutu. Kenako maondo. Akati akhale pansi, ankalira ngati chitseko cha tchalitchi, agalu a mumsewu n'kumayankha."

"Zoona, malume?"

"Chomaliza ndi mawu. Anaonda mpaka anafika poti akaitana okwera, anthu ankayankha kuti, 'Tamva, amayi.'"

A Bulashi anadzigwira pansidze, penti akudontha pachipewa changa. Ine mumtima ndikuti, nsomba yadya nyambo.

"Nsidzezo," anafunsa pang'onopang'ono, "zimayamba kuthothoka pakapita nthawi yaitali bwanji?"

"Msangamsanga. Mwezi sutha."

"Kwa aliyense?"

"Aliyense. Sizisankha."

Anatsika, nandigwira chanza ndi manja onse awiri mpaka ndinasanduka wobiriwira kufika m'chigongono. Anati ndawathandiza kwambiri, palibe amene anawafotokozerapo momveka chonchi. Ndinabwerera kwa mlongo wanga ndikuyenda ngati msilikali wochokera kunkhondo. Ndinamuuza kuti ayambe kulongedza sutikesi ya mwana wake, ndipo nyama imene anandipatsa tsiku limenelo ndinaidya ndi mtima woyera.

M'mawa mwake ndinali pachitini changa, ndikufotokozera Nangabwanji mmene amuna amalankhulirana, pamene kuwala kwa pakhomo kunatsekeka. Anali a Bulashi. Atasamba mpaka m'makutu, malaya osita, nkhope ikuwala kuposa kachipinda kachikasu kaja.

"Mayi, tiyeni kunyumba. Ndadziyeza. Ndilibe."

Nangabwanji anaika pulayala pansi. "Mwayezetsa kuti?"

"Ndadziyeza ndekha. Pagalasi." Anawerama n'kumuonetsa nkhope. "Onani nsidze. Zonse zilipo, kumanzere komwe. Ndakoka, sizikuchoka."

"Nsidze zalowa bwanji?"

"Dikirani." Ananjuta pansi, n'kudzuka, n'kunjutanso. "Mwamva kanthu? Maondo ali zii. Ndipo kuseri kwa nyumba ndakodzera paudzu dzulo ndi lero. Sunapse. Ukuoneka ngati wakondwa kumene. Nyerere zili pompo."

Ine ndinayamba kufufuza potulukira. Koma pansi pa masitepe khomo ndi limodzi, ndipo munali a Bulashi.

"Zimenezi wakuuzani ndani?"

"Munthu wodziwa. Akuti ukakhala nako, mwezi sutha. Ife takhala zaka. Ndiye kuti ine kanandilambalala."

Nangabwanji sanandiyang'ane. Akanandiyang'ana zikanakhala bwino. Anangotambasula mwendo pansi pa tebulo n'kuponda nsonga ya nsapato yanga, kuti ndisayese kudzuka.

"Bambo, tandiyang'anani ineyo. Nsidze zanga zilipo?"

"Zilipo."

"Mawu anga anasintha?"

"Ayi."

"Tsiku lija m'mawa ndinakupangirani tiyi, ndinakusitirani ovolosi. Ndinkaoneka wodwala?"

"Ayi. Munkaimba."

"Masana ake ndinali patebulo akundicheka. Kachilombo kameneka sikathothola nsidze. Kakanakhala kothothola nsidze, bwenzi ndili ndi machubu onse awiri, chifukwa ndikanakaona pagalasi."

Wina anadutsa pamwamba pathu, fumbi n'kugwera m'kapu. A Bulashi anakhala pansi pakhomo pomwepo, ndi malaya awo ositawo. Anatambasula dzanja n'kumagogoda thabwa la masitepe ndi chala, uku ndi uku, ngati mmene amachitira asanayambe ntchito.

"Sabata yatha," anatero, "anandipatsa felemu ya chitseko kuti ndipake. Penti wakale ali bwinobwino, wosasweka paliponse. Nditakanikiza, chala chinangolowa. Chiswe chinadya m'kati monse, chinasiya khungu lokha."

Anasiya kugogoda, n'kuyang'ana chala chawocho.

"Koma mayi," anapitiriza, mawu atatsika, "akakandipeza nako, ndiye kuti mwana uja ndinapha ndine."

Apa ndi pamene ndinazindikira kuti munthu uyu sankaopa singano kapena mzere wa kuchipatala. Ine ndinapita kukamuopseza munthu amene anali kale ndi mantha osakwana m'chifuwa.

"Zimenezo ndinafunsa," anatero Nangabwanji. "Mukundidziwa, ndinafunsa mpaka adokotala anapempha madzi. Palibe makina amene anganene kuti anayamba ndani. Mwina ine, mwina inu. Ndipo kaya akupezani nako kaya ayi, mankhwala akupatsani ndithu, chifukwa mwakhala ndi ine. Amene anapita uja anapita. Ine ndikulimbana ndi amene sanabwere. Njira yake yatsala imodzi, ndipo wogwira kiyi ndinu."

A Bulashi anaganiza nthawi yawo yonse ija. Nangabwanji, kwa nthawi yoyamba chibadwire, sanadziyankhe yekha. Anadikira.

"Mawa," anatero a Bulashi.

"Mawa m'mawa. Malume akuperekezani." Anakanikiza nsapato yanga pang'ono. "Kuno wothyola ndi amene amagwirira pokonza."

Kutacha ndinavala jekete yanga ya maukwati n'kukawatenga. Njira yonse ndinkawalimbikitsa, mosawonjezera kanthu, ndipo zinandiwawa ngati kuyenda ndi mwala m'nsapato. Tinafika pageti. Mphepo inabweretsa fungo lija la m'chipatala, la mankhwala otsukira pansi, ndipo miyendo yanga inachita msonkhano popanda kundiitana. Inagwirizana kuti siipitirira. Ine munthu wovala zoyera akangondiyang'ana, magazi amathawira kuzidendene.

"Akamwini," ndinatero, "nkhani zoterezi mwamuna amalowa yekha. Ine ndilondera pano kuti musathawe."

Anandiyang'ana, n'kuyang'ana khomo, n'kupuma mozama. Analowa. Ndinawaona ndi maso anga mpaka anakhota pakona, ndipo zimenezo mukhoza kulemba. Ndinakhala pabenchi ya mayi wogulitsa tiyi kunja kwa geti. Tiyi atatha ndinasamukira kwa wometa tsitsi, pamene ndinapeza anthu amene anali asanamve za njoka ija. Nditatulukamo dzuwa linali litapendeka, ndipo mlonda anati munthu wa penti m'makutu anatuluka kalekale.

Ndinapita molunjika pansi pa masitepe. Nangabwanji anali patebulo lake, akumanga nthiti ya ambulera yakuda ndi kawaya.

"Mwabwera, malume. Zinayenda bwanji?"

Ndinakhala pachitini, n'kupukuta chipumi ngati munthu wochokera kolima.

"Mwana wanga, usandifunse. Pakanapanda ine, bwenzi pano tikunena zina. Anafuna kuthawa pamzere, ndinawagwira lamba. Anafuna kutulukira pazenera la kuchimbudzi, ndinawakoka mwendo."

"Zoona? Nanga m'kati?"

"M'kati ndiye munali nkhondo. Dokotala wake chimphona, ndevu mpaka pachifuwa. Anatulutsa singano yaitali ngati nthiti wagwirayo. Akamwini atangoiona, maso anatembenuka. Ndinachita kuwakupiza ndi jekete."

"Pepani, mwavutika. Ndevu mpaka pachifuwa?"

"Ankachita kuzipinda kuti alembe."

"Nanga inuyo munaima, kapena anakupatsani pokhala?"

"Ndinakhala pampando wa pafupi ndi zenera, dzanja lawo lili m'manja mwangamu. Taona, zala zikadali dzanzi."

Nangabwanji anatsegula ambulera ija, naizunguza pang'ono kuti aone ngati nthiti yagwira, n'kuitseka. Anaipachika pamsomali.

"Ine ndinalawirira, malume. Ndinakawadikirira pamzere, chifukwa ndinadziwa kuti safunika kulowa okha. Amene anatithandiza ndi nesi wachitsikana, wopanda ndevu ngakhale imodzi. Anapempha mkodzo basi, ndipo piritsi loyamba amwa ine ndikuona. Akamaliza onse ndikubwerera kunyumba kwanga." Anatenga kapu yake, nauzira fumbi pamwamba pa tiyi. "Koma chikundivuta ndi chimodzi. M'chipindamo muli mipando iwiri ya odwala. Wina anakhalira iwo. Wa pazenera ndinakhalira ine. Nanga inuyo, malume, munakhala pamiyendo pa ndani?"